Tiyi wa Mayi Aakulu

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, m'kalata ino ndikufuna kukonza bodza limodzi. Chaka chimene ndinachoka pa ntchito yabwino ija ku Dubai ndinakuuzani pafoni kuti abwana asamukira kwawo. Sanasamuke. Anandichotsa, ndipo chimene chinandichotsetsa ndi tiyi wa kwathu ku Thyolo yemweyu, amene mumamwa m'mawa uliwonse osadziwa mphamvu zake. Tsopano ndapuma pa ntchito, mawondo akukana, manyazi nawonso akalamba, ndiye khalani pansi muwerenge.

Chaka choyamba: Oud Metha

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'nyumba kwa mayi wina wachimwenye, dokotala wa mano. Kumeneko ndinaphunzira kuphika ndi tsabola wochuluka ngati ndikulanga munthu, komanso mawu atatu amene amayendetsa mzinda wonse uja: yalla, ndiye kuti fulumira, khalas, ndiye kuti zatha, inshallah, ndiye kuti mwina mawa, mwina chaka chamawa. Ubwino wa ku Oud Metha unali wakuti tchalitchi chinali pafupi. Tinkakumanako Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ndipo mapemphero akatha ine ndinkatsegula fulasiki ya tiyi amene agogo anu ankanditumizira pa munthu aliyense wobwera kuchokera kumudzi. Amene sankaphonya kapu anali a Mwanza, bambo wa ku Chipata, wamfupi, wadazi, makaniko pa galaja ina yokonza galimoto zakale. Akamwa ankatseka maso n'kupukusa mutu. "Awe amake Tiya," ankatero, "iyi tiyi ningaidziwe olo mwanimanga m'maso." Ndinkangoseka, osadziwa kuti tsiku lina mphuno yawoyo idzandigwira.

Chaka chachitatu: Jumeirah Village Circle

Dokotala uja atabwerera kwawo ndinapeza malo kwa Bwana Tariq, injiniya wa ku Jordan, ndi akazi awo Madamu Lina. Ntchito ngati imeneyo sindinaionenso. Chipinda changa chinali ndi zenera, Lamlungu lililonse ndinkapuma, pasipoti ndinkasunga ndekha, ndipo tchuthi chobwera kudzakuonani sichinkavuta. Anzanga kutchalitchi ankanena kuti ndinasambira mankhwala.

Tsiku loyamba madamu anandionetsa nyumba yonse, kenako anatsegula chitseko cha kugalaja n'kuloza chinthu chofunditsidwa chinsalu. "Feliya, uyu ndiye mkazi wamkulu wa nyumba ino," anatero. "Ine ndine wachiwiri." Atavundukula ndinaona galimoto yofiira ngati phwetekere, ya zitseko ziwiri zokha, boneti yake yaitali moti mutha kuyanikapo ufa wa dengu lonse. Kuyambira tsiku lomwelo ndinaitcha Mayi Aakulu, ndipo ndinkaipatsa ulemu wake wonse.

Loweruka lililonse m'mawa abwana ankawapukuta Mayi Aakulu ndi kansalu kofewa kuposa thaulo la ana, ine nditagwira ndowa, ndikumvera ulaliki womwewomwewo. Akuti anapangidwa ku Amereka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene petulo kumeneko ankangotayidwa ngati madzi. Opanga anatenga injini ya masilinda asanu ndi atatu, yoyenera lole, n'kuipanikiza m'galimoto ya anthu anayi, kuti anyamata azithamangitsana kuchoka pa loboti ina kufika pa ina. Kenako petulo anakwera mtengo, kunabwera malamulo oletsa utsi, mtundu wa galimoto zotere n'kuyamba kutha. Bambo a abwana anaigula galimotoyi ku Kuwait asanakwatire, ndipo atamwalira inatsala kwa mwana wawo. Akafika pamenepo abwana ankasiya kupukuta. "Zithunzi sizilankhula, Feliya," ankatero. "Koma iyi ikalira, ndimamva ngati bambo akulowa pageti."

Kulirako kunali kulira ndithu. Unkaponda mafuta kawiri, n'kukoka choko, kabatani kodzutsira injini yozizira, n'kupotoza kiyi, kenako Mayi Aakulu ankakhosomola katatu n'kubangula mpaka makapu kukhitchini kugwedera. Pamsewu wowongoka akuti panalibe wowapitirira, koma pakona ankapendama ngati ngolo yodzaza mbali imodzi, ndipo mabuleki awo ankayamba aganiza kaye asanagwire. Choziziritsira mkati analibe, mipando yakuda ija inkawotcha ntchafu, ndipo petulo ankamwa kuposa mmene amalume anu a Fulaide amamwera paukwati wa eni. Dzuwa la ku Dubai nalo linkawazunza. Mapaipi a labala ankang'aluka, batire inkafa isanakalambe, mchenga unkalowa mu kabureta, ndipo kachitsulo kalikonse kakatha kankaitanitsidwa ku Amereka n'kudikiridwa miyezi, inshallah.

Tsopano mukudziwa kuti agogo anu aamuna anayendetsa lole ya nthochi kuchoka ku Masambanjati kupita ku Limbe zaka zambiri, ndipo ine monga mwana woyamba ndinakula ndikuwagwirira sipanala. Loweruka lina nditamvetsera injini ndinati, "Bwana, pulagi imodzi yagona." Anandiyang'ana ngati ndowa ndiyo yalankhula. Atapita kugalaja anakapeza kuti n'zoona, ndipo makaniko amene anatsimikiza anali a Mwanza omwe aja, chifukwa galaja ya Mayi Aakulu inali yomwe ankagwirako. Abwana anayamba kundionetsa kwa alendo awo. Mutu wanga unakula, ndipo paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chilimwe cha chaka chachisanu

Kutentha kukafika pachimake, amene angathe amathawa mu Dubai. Banja lonse linapita kwawo ku Amman miyezi iwiri, ine n'kutsala ndi nyumba. Abwana anandipatsa kiyi ya Mayi Aakulu ndi manja awiri. Lamulo linali lakuti sabata iliyonse ndiwalize kwa mphindi zingapo, ndiwasendeze pang'ono kutsogolo kuti matayala asaphwatalale mbali imodzi, kenako ndiwafunditse. "Wina aliyense asaikhudze ine kulibe, ngakhale a kugalaja," anatero. "Chikachitika chilichonse, undiimbire. Wamva?" Ndinati ndamva.

Sabata yachitatu ndinapeza timadzi tobiriwira pansi pa mphuno ya Mayi Aakulu. Nditatsegula boneti ndinaona kuti rediyeta, mmene mumakhala madzi oziziritsa injini, ikudontha pamsoko. Foni inali m'thumba la epuloni, ndipo ndinaitulutsadi. Koma ndinaganiza kuti abwana adzati ndaswa ndine, komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kuti akadzabwera ndidzawauze ndikupukuta mbale kuti panali kavuto koma ndinakonza. Mankhwala ake ndinkawadziwa. Rediyeta ya lole ikadontha pamsewu, agogo anu aamuna ankathiramo masamba a tiyi odzaza dzanja. Masambawo amafufuma m'madzi otentha, n'kukakamira pabowo, kudontha n'kuleka. Ndinatenga paketi yanga m'sutikesi, ndinathira dzanja limodzi, ndinaliza injini, ndipo posakhalitsa pansi panali gwa. Ndinavina ndekha m'galajamo.

Sabata yotsatira ndinaganiza kuti mwina mphamvu yatha, ndinawonjezera dzanja lina. Sabata inayo chimodzimodzi, pakuti kwathu mlendo wolemekezeka sapatsidwa kapu imodzi. Injini ikatentha, m'galaja monse munkanunkhira ngati ukudutsa pafakitale ya tiyi m'mawa, ndipo ine ndinkakhala pampando wa abwana, thukuta lili kamukamu, n'kumakusowani mpaka misozi. Chimene ndinaiwala n'chakuti agogo anu ankathira kamodzi kokha, kuti angofika ku Limbe, ndipo akafika ankakhuthula madzi onse n'kutsuka. Ine ndinawamwetsa Mayi Aakulu tiyi masabata asanu ndi limodzi osatsuka kapu. Safunsa anadya phula.

Abwana atabwera anaiyang'ana galimoto mbali zonse, anayamikira kuti ikuwala, anandipatsa bokosi la maswiti a kwawo. Ndinati za tiyi uja ndinena mawa, ndipo mawalo linakhala la inshallah.

Okutobala, chaka chomwecho

Kunja kutazizirako, eni galimoto zakale anapangana zoyenda pamodzi Loweruka m'mawa. Lachinayi abwana anapititsa Mayi Aakulu kugalaja, kumene a Mwanza anasintha oyilo ndi mapulagi basi. Loweruka abwana anavala magalasi akuda a bambo awo n'kunyamuka ngati mkwati. Masana anabwera pa takisi. Akuti atafika pamsewu waukulu anaponda mafuta kuti anzawo aone, koma masamba aja anali atatseka timipaipi ta rediyeta, madzi osayenda. Muvi wa kutentha unakwera, nthunzi inaphulika, ndipo Mayi Aakulu anasanza madzi abulauni a masamba okhaokha pamaso pa anthu onse. Mnzawo wina anafunsa ngati pali amene wabweretsa mabisiketi. Injini sinasweke, koma gasiketi, yomata mutu wa injini, inapsa, ndipo yatsopano inayenera kuchokera ku Amereka.

Kapitawo wa galaja, poopa kutaya kasitomala, sanachedwe kupeza wolakwa. Anati zothira masamba m'galimoto ndi nzeru za ku Africa, ndipo pagalaja ponse wa ku Africa analipo mmodzi. A Mwanza anaimitsidwa ntchito tsiku lomwelo. Kumeneko ntchito ikatha viza nayo imatha, ndiye kuti munthu akwere ndege. Zonsezi ndinazimva abwana akukalipa pafoni, ine ndikuwathirira khofi.

Lamlungu mapemphero atatha ndinawapeza a Mwanza atakhala okha pamthunzi. Ndinawathirira kapu monga mwa masiku onse. Anainunkhiza n'kuiika pansi.

"Dzulo namwa kale iyi," anatero. "Yenze mu rediyeta."

Ndinaika fulasiki pansi.

"Pamene ninatsegula chabe, fungo yanipatsa moni. Ninati ah, amake Tiya, mwabwera ku galaja?"

"Mwawauza?" ndinafunsa, mawu akutuluka ngati a mwana.

"Awe. Ningakambe bwanji? Imwe muli na ana awiri, mulibe mwamuna. Ine nili nawo asanu. Olo nipime bwanji, wina afunika kulira. Manje nasiyira Mulungu." Kenako anapukusa mutu. "Koma amake Tiya, paketi yonse? Motoka yenze na maliro?"

Ndinaseka ndikulira nthawi imodzi. Akanandikalipira zikanandipepukira, koma bambo uja anangotenga kapu ija n'kumwa.

Masiku awiri otsatira ndinapsereza malaya a abwana, ndinathira mchere m'phala la ana, ndinayankha foni yosalira. Mtima wina unkati khala chete, umboni palibe, ana ako akudalira iwe. Mtima wina unkandionetsa dazi la a Mwanza likutsika ndege ku Lusaka. Ndinkaopa kwambiri, ndipo musamve wina akukuuzani kuti mayi anu anali olimba mtima. Lachitatu m'mawa ndinatenga paketi ija, mmene munatsala timasamba tochepa, n'kuiika patebulo pakati pa buledi ndi mazira.

"Bwana, a Mwanza sanalakwe. Tiyi uja ndinathira ndine."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira timadzi tobiriwira mpaka lole ya nthochi. Madamu anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi kansalu, koma zinakanika. "Feliya, habibti, wokondedwa wanga," anatero misozi ili mbwembwembwe, "shuga unathiramo? Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kumuthira mankhwala mkazi mnzangayu, iwe wangochita mwaulemu!" Abwana sanaseke. Anaitembenuza paketi ija kangapo, n'kuwerenga zolembedwapo ngati muli yankho.

"Bowo la rediyeta si mlandu wako," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale tiyiyu ndikanakhululuka. Koma ndinati undiimbire. Ndipo masiku anayi ndakhala ndikutukwana munthu wosalakwa, iwe uli pomwepa ukundithirira khofi."

Ananditengera kugalaja pa galimoto ya madamu, ndinabwereza mawu anga pamaso pa kapitawo ndi amakaniko onse, ena akubisala kuseri kwa maboneti kuti aseke bwino. Abwana anapepesa kwa a Mwanza atagwira pamtima, ndipo madzulo ake a Mwanza anali atavalanso ovolosi. Pobwerera, titaima pa loboti, abwana anati kontirakiti yanga ikatha mu Disembala sadzaiwonjezera. "Ndikulembera kalata yabwino," anatero. "Koma kiyi sindingakupatsenso, ndipo munthu amene sindingamupatse kiyi sindingamusiyire nyumba. Khalas."

Zaka zisanu ndi chimodzi ku Al Nahda

Kalata ija inandipezera ntchito ku Al Nahda, kumalire ndi Sharjah, m'nyumba yosanja, kwa banja la ana asanu. Sanali anthu oipa, koma anali otopa, ndipo munthu wotopa saona kutopa kwa mnzake. Ndinkagona m'kachipinda kopanda zenera, moyandikana ndi makina ochapira, ndipo ndinkapuma kawiri pamwezi ngati kulibe alendo. Galimoto yawo inali yoyera, yosalira n'komwe, yopanda khalidwe lililonse. Tchuthi chinkaperekedwa pa nthawi yawo, osati yanga. N'chifukwa chake, Tiyamike, ukwati wako ndinauonera pafoni, nditakhala pa ndowa yovundikira, netiweki ikudukaduka, ndipo pamene unkalowa m'tchalitchi chithunzi chinaima iwe mwendo uli m'mwamba. Ndikanakhala kwa Bwana Tariq ndikanabwera. Tsiku limenelo ndinanong'oneza bondo, ndipo ndinatukwana tiyi, rediyeta, dziko la Amereka ndi pakamwa panga pomwe.

A Mwanza anakhalabe pagalaja paja mpaka iwo ndiwo anadzakhala kapitawo, ndipo ana awo onse anamaliza sukulu. Tikakumana kutchalitchi ankandipatsa malipoti ngati a wodwala wa pachibale. "Amai Akulu ali bwino, koma mwendo wa kumbuyo uvutako," ankatero, kapena, "Sabata ino akana kuuka, tiyembekeza kabureta." Kapu yawo sanasiye kulandira, koma nthawi zonse ankayamba afunsa ngati ndi ya anthu kapena ya motoka.

Tsiku lobwerera kumudzi

Mawondo atayamba kukana masitepe ndinaganiza zopuma. Ndege inali ya masana. M'mawa ndili pansi ndi masutikesi kudikira takisi, ndinamva kubangula kumene ndikanakuzindikira ngakhale ndili m'manda. Mayi Aakulu anakhota pakona atapendama monga mwa chizolowezi, n'kuima patsogolo panga. Anatulukamo Bwana Tariq, imvi zili mbuu, mimba itatsogola. A Mwanza ndiwo anawatsina khutu.

"Yalla, Feliya," anatero, ngati tinasiyana dzulo. "Zaka zitatu unaipukuta galimoto iyi, sunakwerepo pamsewu."

Tinalowa mumzere wa galimoto zochokera ku Sharjah, umene umayenda ngati maliro. Mpando unandiwotcha, koma sindinadandaule. Tinakamba za ana awo, za madamu, za inu. Kenako ndinaona abwana akuyang'anayang'ana muvi wa kutentha, ndipo ine ndinali nditamva kale kafungo. Anapatukira pambali, anazimitsa injini, tonse tinatuluka n'kuwerama. Timadzi tobiriwira tinali tikudontha pamsoko.

"Yatsopano ndinaitanitsa mwezi watha," anatero. "Ikubwera, inshallah."

Ndinati palibe vuto, ndiimitsa takisi. Anakana. Tinadikira kuti injini izizire, iwo akuyang'ana wotchi, ine ndikuyang'ana ndege zikudutsa pamwamba pathu. Kenako anakanda m'mutu, anayang'ana kumbali ngati mwana wopempha ndiwo kwa aneba.

"Feliya, tiyi uja uli naye?"

Ndinali naye, theka la paketi m'chikwama cha m'manja. "Alipo bwana, koma ndi wa a Mwanza. Ndimati ndikupatsireni mukawapatse."

"Ndiye bwino," anatero akutsegula chivindikiro ndi kansalu. "Akamupeza momwemu."

"Dzanja limodzi lokha," ndinatero, "ndipo mukangonditula, mupite akakhuthule n'kutsuka lero lomwe."

"Thira ndiwe. Ine sindidziwa muyeso."

Ndinathira, tinawonjezera madzi a m'mabotolo, ndipo anandipatsa kiyi kuti ndilize ndine iwo akuyang'ana pansi. Ndinaponda kawiri, ndinapotoza, Mayi Aakulu anakhosomola n'kubangula. Patapita kanthawi abwana anadzutsa mutu n'kukweza chala chachikulu. Ndinakhala nditagwira kiyi ija nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira, ndipo iwo anachita ngati sakuona kuti ndikupukuta misozi ndi mpango.

Titapitirira mzere uja msewu unatseguka, abwana anaponda mafuta kamodzi kokha. Msana wanga unamatirira kumpando, duku linathawira kumbuyo, ndipo ndinakuwa kuitana mayi anga amene anamwalira kalekale. M'galimoto monse munadzaza fungo la fakitale ya kwathu, moti ndinafika ku Thyolo ndisanakwere n'komwe ndege. Pabwalo la ndege anatsitsa okha masutikesi anga, anagwira pamtima n'kunena kuti shukran, ndiye kuti zikomo, ine n'kuwomba m'manja mwa chikwathu, poyamba kwa iwo, kenako kwa Mayi Aakulu.

Nkhani yake ndi imeneyo. Dalitso, ukadzagula galimoto, tiyi azikhala kukhitchini, ndipo munthu akati undiimbire, uzimuimbira. Tiyamike, pa chithunzi cha ukwati wako pali mpando umene unakhalapo azakhali ako m'malo mwa ine, ndipo sunandifunsepo chifukwa chake. Tsopano wadziwa kuti ndinausinthanitsa ndi ntchito ya bambo wina wadazi wa ku Chipata. Ukabwera Loweruka udzandiuze pamaso ngati ndinalakwa. Ketulo idzakhala ili pamoto.